Njerwa, Malata ndi Tiana

Lolemba, 8 Seputembala

A Hedi andiitanitsa ndisanamalize n'kutsegula mazenera a m'kalasi. Muofesi ndapezamo mwana wa mlongo wawo uja wabwera mwezi watha ndi pepala lake la ku koleji, atakhala pampando wa alendo, mwendo pamwamba pa unzake. Ine sanandiuze kuti khalani.

Nkhani yake ndi iyi. Malaputopu onse khumi ndi awiri a m'kalasi mwanga achoka Lachisanu la sabata yamawa, wogula zitsulo zakale adzabwera kudzatenga. M'malo mwake kubwera awiri atsopano, akuti amphamvu. Awiri basi. Ine ndili ndi amayi asanu ndi atatu ophunzira kutayipa, mayeso awo ali mu Novembala.

Ndafunsa kuti anthu asanu ndi atatu akhala bwanji pa makina awiri. Wayankha ndi mnyamatayo: "Azisinthana, amayi. Zanu zija ndi zinyalala. Munaonako magigahezi ake?" Mawu amenewa wawatchula kanayi ndisanatuluke. M'buku muno dzina lake ndi Gigahezi kuyambira lero.

Pasukulu pano ndinalowa ndi tsache, zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Kompyuta ndinaiphunzira ndekha, nthawi ya nkhomaliro anthu akatuluka. A Hedi akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake sanandifunse maganizo, angondiuza.

Ndabwerera m'kalasi. Koma sizichoka chonchi ayi.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Ndawatembenuza malaputopu onse n'kulemba zomwe zili mkati, kuti ndikamayankhula ndisamangoti ndimawadziwa. Ali mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse ndinaupatsa dzina.

Njerwa, zinayi. Zolemera, zakale kuposa onse. Purosesa yake, ubongo wa kompyuta, ili ndi mitu iwiri, imathamanga magigahezi 2.3. Fani yake ikayamba kulira mumakweza mawu. Imodzi mwa izi, yong'ambika pakona, ndi imene ndinaphunzirirapo.

Malata, atatu. Otuwa, opyapyala. Mitu iwiri, 1.7. Purosesa yake inapangidwa dala kuti izidya magetsi ochepa.

Tiana, tisanu. Topanda fani n'komwe, zii ngati tagona. Mitu inayi koma ing'onoing'ono, 1.6. Timeneti ndimatikonda. Amayi anga a m'kalasi amatinyamula ndi dzanja limodzi.

Mabatire a onsewa anafa kalekale. Magetsi akazima timadalira batire lalikulu la sukulu ndi inveta pakona pa kabati. Ndipo amazima masiku atatu pa sabata, kuyambira 1 koloko mpaka 5, nthawi yeniyeni ya kalasi yanga. Gigahezi zimenezi sakuzidziwa, masana amakhala atapita kale.

Lachitatu, 10 Seputembala

Mmawa ndapeza m'kalasi muli matebulo okhaokha. Gigahezi wawanyamula malaputopu onse n'kukawatsekera m'chipinda cha katundu, akuti akuwawerengera. Amayi anga abwera masana n'kukhala manja ali pamiyendo. Ndawaphunzitsa pa makiyibodi ojambula pa katoni, monga ndinkachitira chaka choyamba. Amake Mapasa, amene amagulitsa makala ndipo amatseka malonda maola atatu kuti adzaphunzire, andifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye mayeso tikalemba pa katoni?" Anzawo aseka. Ine sindinaseke.

Kiyi wachiwiri wa chipinda cha katundu ali ndi Mayi Telala, aphunzitsi a zosoka, chifukwa nsalu zawo zimakhala momwemo. Ndawauza zonse. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako akuti, "Ine sindinaone kanthu. Koma pansi pa tebulo lodulira nsalu pali malo."

Tanyamula atatu okha: Njerwa yanga, Lata limodzi, Kamwana kamodzi. Tafunditsa ndi nsalu ya makatani.

Lachinayi, 11 Seputembala

Bambo akunyumba sakufuna kumva. Akuti munthu wa abwana sulimbana naye, ukapambana ndiye waluza. Akuti ndiganizire ana. Ndawauza kuti ana omwewo ndi amene ndikuwaganizira, asadzamve kuti mayi awo anauzidwa zinyalala n'kuvomera.

Kenako alowa kuchipinda n'kutuluka ndi kamita kawo kobaya pasoketi, kamene amayezera mafiriji a anthu. Kamaonetsa mawati a magetsi amene chinthu chikudya. Akaika patebulo osandiyang'ana. "Musakagwetse."

Masana ndayamba kuyesa m'chipinda cha zosoka, makina osokera akundibisira phokoso. Koyamba ndalakwitsa. Njerwa yatenga mphindi ziwiri kuti idzuke, Kamwana theka la mphindi, ine n'kusangalala kuti Kamwana kapambana. Kenako ndakumbukira kuti Njerwa ili ndi disiki yakale yozungulira ija. Ndiye kuti ndimayesa madisiki, osati mapurosesa. Gigahezi akanandigwira pomwepo pamaso pa a Hedi.

Ndayambiranso. Ndaika pulogalamu imodzi yopepuka pa flashi imodzi, onse atatu azidzuka ndi flashi yomweyo, ntchito yomweyo, wotchi yomweyo ya pafoni. Chilichonse katatu.

Lachisanu, 12 Seputembala

Gigahezi wandipatsa moni pakhonde, "Amayi, mukupumatu masiku ano." Ndati eya, ndikupuma kwambiri.

Loweruka, 13 Seputembala

Malaputopu atatu aja ndabwera nawo kunyumba m'chikwama cha kumsika. Ndachapa mmawa, kenako ndayala onse atatu patebulo lodyera.

Kutayipa kalata: palibe kusiyana. Chilembo chimatuluka chala chikangogunda, kaya pa Njerwa kaya pa Kamwana. Purosesa imakhala ikudikira zala za munthu, ndipo zala za amayi anga sizinafike pothamangitsa chilichonse.

Kusanja mndandanda wautali wa mayina, mizere zikwi makumi awiri: Njerwa masekondi 14, Lata 12, Kamwana 31. Ndabwereza kasanu chifukwa sindimakhulupirira. Lata la 1.7 likuposa Njerwa ya 2.3. Nambala yaikulu ija siuza munthu zonse, purosesa ya Lata ndi ya m'badwo wapambuyo, pa sitepe imodzi imanyamula zambiri. Ndikanakonda Gigahezi akanakhala pano nthawi imeneyo.

Magetsi, pa kamita: Njerwa ikangokhala mawati 27, ikamagwira ntchito 44. Lata 11 ndi 19. Kamwana 5 ndi 9. Babu la kubafa kwathu limadya kuposa Kamwana.

Kutentha ndayesa ndi dzanja. Njerwa patatha mphindi makumi anayi pansi pake sipagwirika, ndipo yazima yokha pakati pa ntchito. Ndaitsegula. Fumbi la m'fani linali ngati thonje la m'pilo. Ndayeretsa ndi mswachi wakale, ndapaka phala loziziritsa latsopano pa purosesa. Yasiya kuzima. Koma kudya sinasiye, mawati 41.

Mwana wanga wamkazi akuti, "Amayi, mukuisisita ngati mphaka." Sanama. Pa kiyibodi imeneyi ndi pamene ndinalemba dzina langa koyamba ndi makina, chitseko nditatseka, mopu nditaimika pakhoma. Zilembo A ndi E zinafufutika ndi zala zanga.

Njerwa zinayi pa inveta ndi mawati 160 kupita m'mwamba. Batire lathu silingafike nazo 3 koloko. Ndalemba nambalayo ndipo ndatseka buku.

Lamulungu, 14 Seputembala

Tsiku loipa.

Titaweruka kutchalitchi ndakumbukira kuti mayeso a Novembala amalembedwa pa intaneti, pa tsamba lija lokhala ndi wotchi pamwamba ndi ndime yoti ukopere. Ndalumikiza ndi foni n'kutsegula tsamba loyeserera.

Lata: bwinobwino. Njerwa: bwinobwino, fani ikubangula. Kamwana: tsamba latenga pafupifupi mphindi kuti litseguke, ndipo potayipa zilembo zimabwera mochedwa, umalemba mawu atatu sikirini ili phee, kenako onse n'kutulukira pamodzi. Ulendo wachitatu kaumiratu. Wotchi ya mayeso ikuyenda, iko kali chiimire.

Ndatsegula kumbuyo kuti mwina ndiwonjezere memore. Palibe polowetsa, inawotchereredwa pabolodi. Mitu inayi ija ilipo koma ndi yofooka, tsambalo likufuna mutu umodzi wamphamvu.

Ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Maganizo anabwera akuti ndingosiya mzere umenewu, ndani afunse? Ndinafika polemba pepala loyera la a Hedi lopanda mzerewo. Linkaoneka bwino zedi.

Kenako ndaganiza za Amake Mapasa atakhala pa Kamwana tsiku la mayeso, zala zikuthamanga, sikirini ili duu, iwo n'kumaganiza kuti olakwa ndi iwo. Ndang'amba pepalalo. Ndalemba lina, mzerewo ndauika pamwamba penipeni ndi zilembo zazikulu: TIANA SITINGALEMBETSE MAYESO.

Bambo akunyumba awerenga akumwa tiyi. "Ndiye mwamupatsa mpeni nokha." Ndati bola ndimupatse ndekha kusiyana n'kuti akautole.

Lolemba, 15 Seputembala

Ndaimbira foni ku ofesi yolembetsa mayeso. Mayi amene anayankha akuti sikofunika kuti onse alembe nthawi imodzi, nthawi yolembera ndi masiku asanu, aliyense mphindi makumi anayi ndi zisanu. Ndawafunsa kawiri, mpaka anditumizira uthenga wolemba.

Ndiye zatheka. Kuphunzira tsiku ndi tsiku: Malata atatu ndi Tiana tisanu, anthu asanu ndi atatu, aliyense pake. Mayeso: pa Malata okha, atatuatatu. Njerwa zokha ndiye zilibe malo. Ndazungulira nazo mbali zonse, zilibe malo.

Ndapita kwa a Hedi kukapempha theka la ola kuti ndiwaonetse kanthu wogula zitsulo asanabwere. Apumira m'mwamba. "Mayi, nkhaniyi inatha." Ndati ngati inatha theka la ola silingaidzutse. Aseka pang'ono osafuna, akuti chabwino, liti? Ndati Lachitatu 2 koloko. Alemba pa kalendala.

Lachitatu magetsi amazima 1 koloko. Sanandifunse, sindinawauze.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Gigahezi wawerenga katundu wake wapeza atatu palibe. Wabwera m'kalasi amayi anga alipo, katoni aliyense pamaso pake. "Amayi, mukudziwa kuti kuchotsa katundu wa sukulu popanda chilolezo ndi mlandu?"

Ndati ndikudziwa. Ali pansi pa tebulo la zosoka, ndinatenga ndine, Loweruka anagona kwathu, ndipo mawa ndikufuna ena asanu ndi anayiwo abwerere m'kalasi muno isanakwane 12.

Anayembekezera kuti ndikana. Waima pakhomo, akuti akauza amalume ake. Ndati apite, ofesi akuidziwa.

Atachoka ndagwetsa choko. Amake Mapasa atola n'kundipatsa.

Madzulo Mayi Telala akuti a Hedi anawafunsa za kiyi. Anawayankha kuti iwo ndi wosoka, za makompyuta sazidziwa, amangoona nsalu yawo ya makatani yatupa.

Lachitatu, 17 Seputembala

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Gigahezi sanabweretse malaputopu aja. Ine ndi Mayi Telala tatsegula tokha 12 koloko n'kunyamula. Magetsi azima 1 koloko itangopitirira pang'ono. Ndalumikiza Malata atatu ndi Tiana tisanu ku inveta, kamita ndakabaya pakati kuti aliyense aziona. Amayi anga onse asanu ndi atatu anafika msanga, ena atavala za kutchalitchi ngakhale sindinawauze. Ndawapatsa ndime yoti akopere.

A Hedi alowa 2 koloko, Gigahezi pambuyo atanyamula laputopu yachitsanzo imene sitolo inamubwereka. Yaikulu, yokongola, kiyibodi yowala mitundumitundu. Ndisaname, nanenso ndinaisirira.

A Hedi ayang'ana babu lakudenga, ayang'ana ine. "Munadziwa." Ndati ndimadziwa sabata iliyonse, bwana, ndi nthawi ya kalasi yanga.

M'chipinda monse munali phokoso la makiyibodi lokha. Kamita kakuonetsa 88, nthawi zina 93. Ndawauza kuti amenewo ndi anthu asanu ndi atatu, ndipo batire lifika nawo 5 koloko.

Gigahezi watsegula yake. Yadzuka ngati mphezi. Mndandanda wanga wa mayina yausanja m'masekondi awiri, amayi ena mpaka anasiya kutayipa n'kutembenuka. Ndati ndi yothamangadi, palibe angatsutse, tsopano ibayeni apa. Batire lake linali pa theka. Waibaya. Kamita kalumpha kufika 190, inveta n'kuyamba kulira kwiii kwiii, kagetsi kofiira kakuphethira. Mayi mmodzi wakuwa kuti ntchito yake ithawa. Wazula yekha msangamsanga.

Akuti yakeyo ili ndi batire lakelake, sifunika inveta. Ndati zoona, maola angati? Akuti awiri, mwina awiri ndi theka. Ndati magetsi amapita maola anayi, ndipo pa maola awiriwo pa makina awiri atsopanowo pakhala anthu awiri, asanu ndi mmodzi akuonerera.

Apa ndiye anatulutsa mpeni uja. Waloza Kamwana ka Amake Mapasa. "Tsegulani tsamba la mayeso pa kameneka, amalume aone." Sindinatsegule. Ndamupatsa pepala langa. Wawerenga mzere wapamwamba, wandiyang'ana, wawerenga mpaka pansi, watembenuza kuseri kumene ndinalemba manambala onse katatukatatu.

Kenako wafunsa, mawu atatsika, "Onse munawadzutsa ndi flashi imodzi?" Ndati eya. "Chifukwa cha madisiki?" Ndati eya. Wagwedeza mutu. Waika chala pa 12 wa Lata ndi 14 wa Njerwa, akuti izi sizingatheke. Ndamupatsa foni yanga ya wotchi ndi flashi. Wakhala pansi, wayesa yekha kawiri. Yatuluka 12 ndi 15. Sananenenso za magigahezi.

A Hedi nthawi yonseyi anali ataima kumbuyo kwa Amake Mapasa, akuona zala zawo. Awafunsa kuti, "Mayi, mutapatsidwa makina abwino kwambiri koma kwa kotala la ola patsiku, bwanji?" Amake Mapasa osasiya kutayipa akuti, "Bambo, ine ndimatseka makala maola atatu. Kotala la ola ndingobwera kudzakupatsani moni."

Mayi Telala anaseka pakhomo mpaka anatuluka panja.

A Hedi atenga pepala langa, alipinda pakati, akuti aganiza. Potuluka anandiuza motsitsa kuti nkhani ya katundu wochoka popanda chilolezo ndi ina, siinathe.

Batire lafika 5 koloko, kagetsi kakadali kobiriwira.

Lachinayi, 18 Seputembala

Zii. Palibe wandiitana. Ndaphunzitsa ngati kuti palibe chikuchitika.

Lachisanu, 19 Seputembala

Mmawa kapepala pansi pa chitseko, dzanja la a Hedi. Malata ndi Tiana zitsala. Njerwa zinayi zipita. Yatsopano ibwera imodzi, ya muofesi.

Ndinali ndi ola limodzi wogula zitsulo asanafike. Ndatsegula Njerwa zonse n'kuchotsa memore. Yalowa mu Malata awiri, lachitatu lakana, sindikudziwa chifukwa chake, ndiona Lolemba. Machaja ndasunga. Gigahezi anabwera ndi fomu yake yowerengera katundu, waona zomwe ndikuchita, ndimadikira kuti ayambe. Wangofunsa kuti alembe bwanji. Ndati lembani kuti zapita zopanda memore, wachotsa ndine. Walemba momwemo.

Yong'ambika pakona ndainyamula ndekha mpaka pangolo. Wogula zitsulo uja waiponya pamwamba pa mafelemu a njinga ndi chitofu chakufa, chivundikiro n'kutseguka. Ndinafuna kumuuza kuti aitseke. Ndangobwerera m'kalasi.

Kunyumba ndabweza kamita. Bambo akunyumba akayang'ana mbali zonse ngati ndakagwetsa, kenako akuti ndikasunge kaye, mwina ndikafunanso.

Lolemba, 22 Seputembala

Kalata yabwera, mu envulopu, ndi sitampu ya sukulu. Chenjezo loyamba: kuchotsa katundu popanda chilolezo, kupita naye kunyumba, kutsegula chipinda ndi kiyi wa munthu wina. Zonse ndi zoona. Dzina la Mayi Telala mulibe, bola pamenepo. Ikhala mufayilo yanga chaka chathunthu. Pansi akuti ndili ndi ufulu woyankha polemba pasanathe masiku atatu.

Ndasayina kuti ndalandira. A Hedi sanakweze maso. Akuti, "Mukumvetsa, Mayi, sindikanachitira mwina." Ndati ndikumvetsa, yankho mulandira lero.

Magetsi anapita 1 koloko. Onse asanu ndi atatu analipo. Phunziro la lero linali kalata ya ku ofesi, ndiye ndawauza kuti m'malo mwa ya m'buku tilemba yeniyeni. Ndawawerengera chenjezo lonse. Wina amafuna tipite tonse ku ofesi, ndati ayi, khalani pansi, keyala kumanja, deti pansi pake.

Ndaima kumbuyo kwa Amake Mapasa, iwo pa Kamwana kawo, ine ndikunena iwo akutayipa. Ndinawauza kuti ndime yoyamba ivomere zonse zitatu, yachiwiri inene kuti zitabweranso ndidzapempha kiyi poyamba, ndipo akadzandikaniza ndidzabwera kudzawauza pamaso kuti ndikukatenga.

Alemba keyala, alemba deti, atsika mizere iwiri. Alemba kuti "Okondedwa a Hedi," n'kuima, akundiyang'ana.

Ndati fufutani "Okondedwa." Afufuta ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, osayang'ana pa kiyibodi.